Vinyo wa ku Madeira ndi malilime a ku Chigwa

Anthu amene ntchito yawo ndi kulawa vinyo wakale salemba zambiri. Mizere inayi kapena isanu yakwana: maonekedwe a vinyoyo m'tambula, fungo lake, mmene akukhalira pa lilime, ndi kutalika kwa nthawi imene kakomedwe kake kamatsalira m'kamwa. Michael Broadbent, Mngelezi amene anatsogolera malonda a vinyo pa okushoni ya Christie's ku London kuyambira mu 1966, anayamba kulemba timizere totere m'timabuku take tofiira mu 1952, ndipo pomwalira mu 2020 anali atalemba za mavinyo pafupifupi 90,000. Ogula ndi ogulitsa ankatsamira pa mawu ake poika mtengo pa botolo limene iwo eni sanalitsekule.

Munthu wa ku Ngabu kapena kwa Tengani akamva zimenezi angaone ngati ndi masewera a anthu okhuta. Ine sindikuona choncho. Kulawa mosamala ndi ntchito, ndipo ku Chigwa cha Shire kuli anthu amene amaigwira tsiku ndi tsiku, kungoti palibe amene amawatcha akatswiri. Komanso pakati pa mavinyo onse amene akatswiri a ku Ulaya amawalemekeza pali mmodzi amene mbiri yake ili pafupi ndi ife kuposa mmene tingaganizire. Ameneyu ndi vinyo wa ku Madeira.

Vinyo wamba amaopa zinthu ziwiri, kutentha ndi mpweya. Botolo lotsekula mukalisiya pawindo ku Bangula mwezi wa Okutobala, silichedwa kusasa. Amalonda akale anapeza njira yomulimbitsira: vinyo ali mkati mowira amathiramo mowa wamphamvu wotcheza kuchokera ku mphesa. Mowawo umaimitsa kuwirako, shuga wina wa mphesa n'kutsalamo, ndipo mphamvu ya vinyoyo imakwera kufika pakati pa 17 ndi 22 pa 100. Umu ndi mmene amapangira Port wa m'chigwa cha Douro ku Portugal, dera limene malire ake anaikidwa ndi lamulo mu 1756. Ndi mmenenso amapangira Madeira wotsekemera. Koma Port wa chaka chosankhidwa amafunabe malo ozizira kuti akalambe bwino m'botolo. Madeira ndi amene anapalana ubwenzi ndi dzuwa.

Madeira ndi chisumbu cha m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco. Apwitikizi anafikako mu 1419, ndipo chuma chake chachikulu choyamba sichinali mphesa ayi, chinali nzimbe. Shuga wa ku Madeira anatchuka ku Ulaya mpaka minda ya ku Brazil inamupitirira m'zaka za m'ma 1500, ndiye alimi anatembenukira ku mphesa. Zombo zopita ku America ndi ku India zinkaima pa doko la Funchal kutenga migolo ya vinyo. Zopita ku India zinkazungulira nsonga ya Africa, zina n'kudutsa m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kumene Zambezi amathirako atalandira madzi a Shire wathu. Migolo imene sinagulidwe inkabwerera itakhala miyezi yambiri m'mimba mwa chombo motentha, ndipo eni ake poilawa anapeza kuti vinyoyo wasintha mtundu, wakhwima, wakoma kuposa amene anatsala kumtunda. Anayamba kutumiza migolo paulendo mwadala. Ataona kuti zikudya ndalama zambiri, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anamanga nyumba zotenthetsera vinyo pachisumbu pomwepo. Lero Madeira wotsika mtengo amatenthedwa pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi yosachepera itatu. Wapamwamba amaikidwa m'migolo ya matabwa m'zipinda zam'mwamba, pansi pa denga, kuti dzuwa ligwire ntchito yake pang'onopang'ono. Kuti botolo lilembedwe kuti Frasqueira, kutanthauza vinyo wa chaka chimodzi wosungidwa nthawi yaitali, lamulo limafuna kuti vinyoyo akhale mumgolo zaka zosachepera 20.

Madigiri 45 si nkhani yachilendo kwa munthu amene anagonapo m'nyumba ya malata ku Nchalo mvula isanagwe. Chimene ku Funchal amachipanga ndi mapaipi a madzi otentha, kwathu chimangobwera chokha.

Nanga akatswiri amapezamo chiyani mu vinyo wotereyu? Choyamba amayang'ana. Mphesa zotchuka za pachisumbuchi, Sercial, Verdelho, Bual ndi Malvasia, ndi zoyera, koma zaka zimasandutsa vinyo wake kukhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo akapendeketsa tambula amaona kamzere kobiriwira m'mphepete. Kenaka amanunkhiza, nthawi yaitali kuposa imene amalawa. Mawu amene amabwerezabwereza ndi shuga wopserera, makoko a malalanje ouma, mtedza wa m'mitengo ya kwawo, nkhuyu zouma, khofi, nthawi zina utoto wopaka matabwa. Koma chimene onse amachifuna kwambiri ndi kuwawasa. Mgolo umataya madzi pang'ono chaka ndi chaka, ndipo zotsalamo, shuga ndi kuwawasa komwe, zimakhathamira. Kutsekemera kukapanda kuwawasa kokuchirikiza, vinyoyo amatopetsa pakamwa. Zikalingana, amatha kukhala zaka mazana awiri. Mabotolo a chaka cha 1795 alipo amene anthu a m'badwo wathu uno atsekula n'kupeza vinyoyo akadali wamoyo.

Ine ndinalawapo Madeira wakale ku Nsanje, m'nyumba ya mkulu wina amene anagwira ntchito zaka zambiri padoko la Beira. Botololo anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Portugal. Linalibe pepala, dzina la mphesa, Bual, ndi chaka cha m'ma 1970 zinalembedwa ndi penti woyera pagalasi penipeni, monga amachitira kumeneko. Anali atalitsekula dzulo lake kuti, m'mawu awo, lipume. Anathira pang'ono kwambiri, osafika zala ziwiri, m'matambula aang'ono.

"Musafulumire, bambo," anatero ataona dzanja langa likukwera. "Yambani mwanunkhiza. Mundiuze mukumva chiyani."

Mawu a m'mabuku sanabwere. Chinabwera ndi fungo limene limakulandirani mukamayandikira fakitale ya shuga ya ku Nchalo m'nyengo yodula nzimbe, lolemera, lotsekemera, lopsererako. Pansi pake panali masau ouma, aja asungidwa m'thumba mpaka khungu lake lachita makwinya. Pa lilime anayamba ndi kutsekemera, koma kusanakhazikike kunabwera kuwawasa kwa bwemba, kwakuthwa, kotulutsa malovu m'mbali mwa kamwa. Atatsika, m'kamwa munatsala chitowe chokazinga ndi kamchere pang'ono, ndipo zinatsalamo nthawi yoti tinakambirana nkhani ina yonse zisanathe. Nditawauza, mkuluyo anagwedeza mutu n'kuwonjezapo chimodzi: fodya wa masamba woumitsidwa pamthunzi. Nditanunkhizanso, analidi momwemo.

Mngelezi akati nkhuyu zouma, ine n'kuti masau, palibe wanama. Aliyense watola m'nkhokwe ya zimene anadya ali mwana. Luso la wolawa lagona pa kudekha kuti amve, pa kukumbukira zimene anamva kale, ndi pa kupeza mawu amene mnzake angawatsimikize m'kamwa mwake. Zitatu zonsezi ndinaziona ku Chigwa ndisanaone botolo la Madeira.

Taganizani za uchema. Munthu wa uchema amasankha mgwalangwa, n'kudula masamba a kumutu, n'kusenda nsonga yake mopendekera. Amalowetsa kachidutswa ka tsamba kuti kakhale ngati kamlomo, pansi pake n'kumangirira chipanda kapena botolo, pamwamba n'kuvundikira ndi kachipewa koluka kuti dzuwa lisaumitse bala ndiponso tizilombo tisagweremo. Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, amabwerera ndi mpeni wakuthwa kudzasendanso kachigawo kopyapyala kwambiri. Akasenda mozama, mtengo umatha msanga. Akachepetsa, bala limatsekeka. Uchema wa m'mamawa ndi woyererako, wotsekemera, wopanda ukali. Dzuwa likamakwera umayamba kuchita thovu wokha, popanda kuthiramo kanthu, chifukwa zowiritsa zili kale m'chipandamo. Pofika madzulo waluma. Ukagona usiku umodzi kapena uwiri, wasasa.

Wodziwa uchema akangonyowetsa milomo amakuuzani ngati ndi wa m'mawa uno kapena wasakanizidwa ndi wa dzulo. Amadziwa ngati wogulitsa wathiramo madzi, ngati wawonjezera shuga kuti abise madziwo, ngati chipanda sichinatsukidwe. Ena amasiyanitsa wa mgwalangwa wa pamchenga ndi wa m'mphepete mwa dambo. Katswiri wa Madeira amayeza zaka makumi. Uyu amayeza maola, ndipo sindikukhulupirira kuti kuyeza maola n'kosavuta. Vinyo wa zaka makumi asanu amakudikirani, mukhoza kumulawanso mawa. Uchema umasintha mukadali pakati pokambirana za iwo.

Nkhani ya kachasu ndi yolemererapo, ndipo ndiyenera kuikamba mosamala. Ku Chigwa, monganso kutsidya m'chigwa cha Zambezi, masau akapsa m'miyezi yozizira, ena amadyedwa, ena amaumitsidwa, ena amavikidwa m'madzi kuti awire, kenaka n'kutchezedwa. Kachasu wa masau ali ndi fungo la chipatsocho, ndipo amene amamudziwa samusokoneza ndi wa madeya ndi shuga. Mayi wotcheza amadziwa tsiku limene zovikazo zafikapo pongomvera phokoso la thovu ndi kulawa pa chala. Amadziwa kuchepetsa moto kuti mumphika musapserere, amasintha madzi oziziritsira paipi akayamba kufunda, amalawa madontho kuti adziwe pamene mphamvu yayamba kutha. Ameneyu ndi mmisiri. Zimene amachita sizisiyana kwenikweni ndi zimene amachita wotcheza mowa umene amathira mu Port.

Kusiyana kumayamba velemoti ikadzaza. Wogula wathu kawirikawiri safunsa za fungo. Amakhutchumula botolo kuti aone thovu, kapena amathira pang'ono pansi n'kuyatsa machesi. Amafuna wamutu, woyamba kudontha, chifukwa ndiye wamphamvu. Koma m'madontho oyambawo ndi mmene mumachuluka zinthu zina zopweteka thupi, ndipo otcheza m'mafakitale amawapatula osawagulitsa. Chimene katswiri amataya, ife timachilipira mtengo wokwera. Ichi sichichokera ku kupusa. Chakumwa chimene chakhala chikupangidwa mobisa kuyambira nthawi ya atsamunda sichikhala ndi wochiyeza, ndipo munthu wa ndalama zochepa amafuna kutsimikiza chinthu chimodzi chokha, kuti sanagulitsidwe madzi. Funso la kakomedwe limafa pamenepo.

Ku Madeira, vinyo asanagulitsidwe ndi dzina la chisumbucho amayesedwa ndi bungwe la boma lotchedwa IVBAM, limene lili ndi gulu la olawa ake, ndipo botolo lovomerezedwa limalandira chidindo. Kumbuyo kwa timizere ta Broadbent kunali zinthu zimenezi: dzina la wopanga, chaka cholembedwa m'kaundula, lamulo lolanga wonama. Popanda izi mawu ake akanakhala nkhambakamwa. Lilime la katswiri limakhala ndi mphamvu chifukwa dziko lamuikira pomwe angaime.

Chinanso ndi kudikira. Kuika vinyo mumgolo kwa zaka 20 n'kuika ndalama pamalo pamene simuzikhudza mpaka mwana wobadwa chaka chimenecho atakula, uku mukudziwa kuti gawo lina liuluka ndi mphepo. Kampani ya Blandy inayamba mu 1811 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Amene akugulitsa lero akukolola zimene anasunga agogo awo. Mayi wa ku Makhanga kapena ku Sorgin amatcheza Lachinayi kuti Loweruka agule ufa ndi kulipira kusukulu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumuuza kuti asunge lita imodzi kwa zaka zitatu n'kumuuza kuti ana agone ndi njala sabata ino. Ndikamamva anthu a m'tauni akunena kuti zakumwa zathu n'zaukali ndi zosakhwima, ndimafuna atayamba awerengera zimenezi.

Wina anganene kuti ku Chigwa n'kosasungika kanthu chifukwa cha madzi osefukira. Zoonadi, amene anaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 safulumira kulonjeza za zaka makumi awiri. Koma Madeira nayenso waona zake. Matenda a chinguwi anawononga mphesa zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, tizilombo ta phylloxera tinadya mizu kuyambira mu 1872, ndipo madzi ochokera m'mapiri anakokolola mbali ina ya Funchal mu 1803 ndiponso mu Febuluwale 2010. Migolo yambiri yakale inapulumuka chifukwa inali m'nyumba zamiyala, m'manja mwa anthu amene anali ndi poti n'kukongola pa chaka choipa. Madzi amasefukira kulikonse. Amene amataya zonse ndi amene alibe nyumba yolimba ndi ngongole yomudikira.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti zipangizo zonse zili m'Chigwa momwemu. Nzimbe zalimidwa ku Nchalo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene Lonrho inatsegula kampani ya shuga ya SUCOMA, ndipo Illovo inatenga mindayo mu 1997. Madzi akuda otsala akachotsa shuga, aja amati molasesi, amapita ku PressCane ku Chikwawa komweko, kumene kuyambira mu 2004 amatcheza ethanol, wambiri wake wosakaniza ndi petulo. Imeneyi ndi ntchito yabwino, imapulumutsa ndalama zakunja. Koma ku Madeira nzimbe zochepa zimene zinatsala zimapangidwa mowa wa ramu, wina n'kusungidwa m'migolo zaka zingapo, ndipo alendo amapita kukaona mmene amamupangira. Otcheza a ku zisumbu za Caribbean amadziwa kuti kumalo otentha mowa umakhwima msanga m'matabwa kuposa ku Scotland, ngakhale umaumanso msanga. Ife tili ndi nzimbe, masau, bwemba, malambe, dzuwa, ndi anthu a malilime akuthwa. Palibe chakumwa chimodzi cha ku Chigwa chimene ndingachiike patebulo la mlendo n'kumuuza dzina la wopanga ndi chaka chake.

Sindikupempha kuti mowa uchuluke. Ndaperekeza kumanda anyamata amene anatupa miyendo asanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo ndikukumbukira mmene timasacheti tinadzazira m'misika ndi m'zikwama za ana asukulu boma lisanatiletse cha m'ma 2015. Dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko yokhudza mowa mu 2017, ndipo linachita bwino. Ambiri ku Chigwa samwa n'komwe, ena chifukwa cha mpingo, ena chifukwa cha zimene anaona kwawo, ndipo ndimawalemekeza. Koma ndaona kuti mowa umene umapha anthu athu ndi uja wopanda dzina, wopanda fungo loti munthu angalikumbukire, wopangidwira chinthu chimodzi chokha. Botolo la mkulu wa ku Nsanje lija linakhala miyezi yambiri m'kabati, akuthira zala ziwiri mlendo akabwera, chifukwa Madeira saonongeka akatsekulidwa. Olawa vinyo pantchito yawo amalavula, sameza. Kumvetsera chakumwa ndi kuledzera nacho ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo munthu amene waphunzira yoyamba amachedwa kulowa yachiwiri. Sindinena kuti n'chitetezo chokwanira. Ku Portugal nakonso kuli zidakwa. Koma chakumwa chotuluka poyera chimayezedwa, chimakhoma msonkho, ndipo wopanga wake amaopa kuipitsa dzina.

Kuvomereza otcheza aang'onoang'ono ndi kuwayeza ndi nkhani ya aphungu ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo idzatenga nthawi. Pali ntchito ina yochepa imene singadikire. Ngalande yaikulu ya ntchito yothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, ikuyembekezeka kuthirira mahekitala oposa 40,000. Ndi chitukuko chimene Chigwa chachilira nthawi yaitali. Koma munda wothirira umafuna malo osalala, ndipo ndikuopa kuti migwalangwa ndi misau ya m'minda imeneyo idzakhala yoyamba kuzulidwa, popeza palibe buku limene linalemba phindu lake. Amene amadziwa kuti mtengo wa masau wakutiwakuti umabala otsekemera ndipo wapafupi nawo owawasa, kuti mgwalangwa umadontha bwino mwezi uti, kuti zovika zafikapo fungo lake likatani, ambiri ndi okalamba, ndipo adzukulu awo ali pa kabaza ku Dyeratu kapena ali ku Johannesburg.

Ophunzira a zaulimi ndi zakudya a ku LUANAR, kapena ofufuza a ku Kasinthula, akhoza kukhala pamphasa ndi anthu amenewa nyengo imodzi ya masau ndi nyengo imodzi ya uchema, n'kulemba zimene akunena m'Chisena ndi m'Chimang'anja momwemo, osazitembenuza. Alembe mudzi, mtengo, mwezi ndi ola, mawu amene wolawa wagwiritsa ntchito, ndi ngati mnzake wa mudzi wina wagwirizana naye. Atenge pang'ono kukayeza ku labotale kuti tidziwe ngati chimene lilime lakana ndi chimenenso makina akukana. Malita ochepa a kachasu wa masau, wamutu atapatulidwa, awaike m'kamgolo ka matabwa pansi pa denga la malata ku Ngabu, ndipo chaka chilichonse aitane amayi omwe aja adzalawe, awalipire monga amalipirira katswiri aliyense, n'kulemba zimene asintha.